Eni Ake a Taizya

Linah adadinanso batani lofufutira, koma dzina la mkulu wake lidangoti chilili pagalasi la kompyuta: Jenala Nyirongo, wa ku Magodi. Pansi pake padatuluka kabokosi kotuwa ka mawu a Chingerezi. Kankati munthu ameneyu sangachotsedwe chifukwa pali ana omangiriridwa ku dzina lake, ndipo makina ayambe auzidwa kumene anawo apita.

Jenala adamwalira anthu akuyamba kukumba mtedza, ndipo tsopano mphepo ya mu Juni idali italowa mpaka m'mafupa. Bungwe la Tiwasunge, kumene Linah ankagwira ntchito yolemba pa kompyuta, linkathandiza ana amasiye a m'boma la Lundazi ndi mabulangete ndi mayunifolomu. Lamulo lake lidali lakuti wolera ana akamwalira dzina lake lichotsedwe msanga, kuti katundu asamalembedwe kwa munthu amene ali kumanda. Mayina a anthu ena Linah ankawachotsa uku akutafuna chinangwa. Ili lokha adakhala akulilambalala, mpaka m'mawa umenewo pamene a Danwell Zimba, mkulu wa ofesiyo, adamukumbutsa ndi mawu otsika kuti mabulangete afika.

Ana adalipo atatu. Anyamata awiri, Chiza ndi Esau, adali a mwamuna woyamba wa Jenala, ndipo Linah ankadziwa kuti adatengedwa ndi a John Mtonga, mbale wa malemu bambo awo. Adawasamutsira ku dzina la a Mtonga, makina navomera. Kudatsala Taizya, kamtsikana ka giredi thu, kamene Jenala adabereka ndi mwamuna wake wachiwiri, Dickson, Mchewa wa ku Kasungu amene adabwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya nafera konkuno. Pamalo olemba wolera watsopano Linah adalemba kuti Kasungu. Makina adakana. Kasungu si munthu, ndipo iwo ankafuna munthu.

Linah adafuna kutukwana, koma adapeza kuti dzina loti alembe alibe. Mwana wa mkulu wake weniweni, wa bere limodzi, ndipo iye sankadziwa kuti akugona m'nyumba ya yani.

Makani a makinawa adayamba kumayambiriro kwa chaka chimenecho cha 1999. Likulu la bungwe ku Lusaka lidafuna tsamba la pa intaneti, chinthu chimene chidali chitangofika kumene, kuti anthu akunja otumiza thandizo aziona mwana aliyense ndi amene akumusunga. Ntchito yomanga tsambalo idagwera Luckson Chirwa, mbadwa ya pa boma pomwepo, amene adakaphunzira za makompyuta ku Kitwe nabwerako ndi tayi wosavula ngakhale m'kutentha kwa Okutobala. Luckson ankati tsamba ndi zenera la sitolo chabe. Chofunika ndi nkhokwe ya kuseri kumene mayina onse amasungidwa, imene iye ankaitchula kuti detabesi. Adapeza mitundu iwiri ya nkhokwezi, nalephera kusankha, ndiye adaika zonse ziwiri mu kompyuta imodzi yokhayo ya mu ofesi. Linah adauzidwa kuti chilichonse azilemba kawiri, uku ndi uku, kuti aone yabwino asanatumize tsamba ku Lusaka.

Yoyamba idali yaliwiro. Inkalandira chilichonse chimene waiponyera osafunsa, ndipo Linah adaitcha Kondakitala, poti ngakhale mbuzi ikadaikweza. Yachiwiri inkasunga ana paokha, olera paokha, midzi payokha, koma zonse zomangirirana, moti sukadasolola chimodzi chinzake osagwedezeka. Inkachedwa, ndipo inkafunsa mafunso. Mwana uyu ngwa yani? Mudzi uwu sindikuudziwa, mwaulemba bwino? Wabadwa bwanji chaka chimene sichinafike? Imeneyi, yotulutsa kabokosi kotuwa kaja, Linah adaitcha Apongozi, ndipo dzinalo lidakhazikika mpaka a Zimba ankalitchula pa foni osazindikira.

A Zimba ankakonda Kondakitala. Waya wa foni wopita ku Lusaka unkaduka nthawi iliyonse, ndipo kabokosi kolumikizira intaneti kakayamba kulira ngati nkhululu, iwo ankaimirira kumbuyo kwa Luckson akupempherera kuti zinthu zidutse msanga. Linah naye adali mbali yomweyo, ndipo sankabisa. Luckson mtima wake udali kwa Apongozi, koma anzake onse a ku Lusaka ankamangira masamba awo pa yaliwiroyo, ndipo iye sadali munthu wolimba pa mkangano. Chisankho chidayenera kuchitika mwezi usanathe. A Zimba adali atanena kale kuti atsatira zimene zala za Linah zikonde, poti ndiye wogwira ntchitoyo.

Luckson adalowa ndi zitumbuwa m'kapepala. Ataona nkhope ya Linah adaziika pambali mwakachetechete.

"Ba Luckson, nichotseleniko dzina ili," adatero Linah osamuyang'ana. "Sinifuna kumaliona m'mawa ulionse."

Luckson adakoka mpando nafunsa kuti nanga Kondakitala wati bwanji. Linah adati kumeneko adathana nako kale, kudina kamodzi dzina lidapita. Pamenepo Luckson adatsegula tsamba loyesera limene linkatunga mayina kwa Kondakitala. Pansi pa a John Mtonga padaoneka Chiza ndi Esau. Adatsitsa tsambalo pang'onopang'ono, kudutsa midzi ya ku Magodi, ya ku Chikomeni, ya ku Mwase, mpaka kumapeto. Taizya padalibe.

Adafotokoza mosakweza mawu kuti dzina la mwanayo likadali m'kati, koma lapachikidwa pa munthu amene kulibenso. Tsamba limayambira pa wolera n'kutsikira kwa mwana, ndiye mwana wopanda wolera sadzatulukiranso. Pogawa mabulangete sadzawerengedwa, a ku Lusaka sadzamuona, ndipo makinawo sadzadandaula ngakhale tsiku limodzi.

Linah adayankha mwaukali kuti mwanayo sadasowe, ali ku Kasungu kwa abale a bambo ake.

"Kwa ndani?" adafunsa Luckson.

Funsolo lidamupweteka chifukwa lidali loyenera. Zimene Linah ankadziwa zidali zochepa. Adachoka ku Magodi m'mawa mwake maliro ataikidwa, akuluakulu asanakhale pansi kukambirana za ana ndi katundu, poti ku ofesi ntchito inkamudikira. A Amock, mng'ono wa malemu bambo ake, adamuperekeza mpaka pamsewu namuuza kuti asade nkhawa, ana onse ali ndi eni ake. Ndipo kunena zoona, Linah mtima udakhala m'malo atamva mawuwo. Ankakhala m'kachipinda kamodzi ka lendi kuseri kwa msika, ndipo adali atalonjezedwa kuti tsamba likatha amutengera ku likulu ku Lusaka, kukakhala m'nyumba ya atsikana ogwira ntchito kumene ana saloledwa. Sadafunse zambiri chifukwa sankafuna kumva zambiri. Manyazi ake adamupeza m'mawa umenewu, pamaso pa munthu wa tayi ndi kabokosi kotuwa.

A Zimba adatulukira ali ndi fumbi la mabelo a mabulangete pamalaya. Atamva vutolo adaseka pang'ono, osati mwankhanza. Adali munthu wabwino amene lole inkamudikira panja ndipo Lusaka inkamudikira pa foni.

"Lembani chabe Banda," adatero. "Ku Kasungu ukaitana kuti a Banda, msika wonse ucheuka. Mwaona manje chifukwa chake nikamba kuti Apongozi azatichedwetsa?"

Luckson adavomereza kuti zimenezo zikhoza kutheka. Atalembetsa Banda wongopeka, n'kumupatsa mudzi, Apongozi angamulandire ndi manja awiri. Makina amakana zinthu zosemphana, koma bodza losalala amameza, poti sangakwere basi kupita ku Kasungu kukaona. Adanena zimenezi akuyang'ana pansi, ngati wogulitsa amene akuulula chilema cha katundu wake.

Linah adaika zala pa mabatani. Adalemba B, kenaka a, kenaka n. Zidali zosavuta, ndipo dzina la Jenala likadachoka nthawi yomweyo. Adakhala akuyang'ana zilembo zitatuzo, kenaka adazifufuta naimirira. Adati Faides, mlongo wake wa Dickson, amabwera pa msika ndi mchere ndi sopo wa ku Malawi, ndipo ngati alipo lero akamufunsa dzina lenileni. A Zimba adayang'ana wotchi yawo napuma mokoka, koma sadamuletse.

Faides adalipo, pamalo pake pa masiku onse pafupi ndi ogulitsa tinsomba ta kapenta, atadzikulunga zitenje ziwiri chifukwa cha mphepo. Ataona Linah adaimirira namugwira manja onse awiri, napepesanso za maliro monga amachitira anthu akakumana koyamba chiikire maliro. Linah ankafunafuna poyambira funso lake kuti lisamveke ngati la munthu wosasamala. Faides adamutsogolera. Adapisa m'thumba lake natulutsa kadiresi ka maluwa achikasu kopindidwa bwino, pamodzi ndi mtanda wa sopo.

"Ndakhala ndikuyenda nazo, mlamu, kudikira woti ndimutume. Mukampatse Taizya. Akudzuka bwanji mwanayo? Wasiya kulira?"

Linah adagwira mtengo wa chisakasa.

"Si muli naye imwe?"

"Ife?" Faides adatsitsa kadiresi kaja. "Timutenge bwanji mwana wa eni? Kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake. Tikanamunyamula pa maliro paja mukanati tabwera kudzaba mwana."

Adayang'anizana, ndipo aliyense adaona pankhope ya mnzake chimene chidachitika. Ku Magodi, kumene mwamuna amalowola, mwana ndi wa kwa bambo, ndipo Dickson, ngakhale adali wobwera, adalowola monga mwa mwambo wa kumeneko. Ku Kasungu kwa a Faides, mwana amatsata bere. Mbali iliyonse idabwerera m'mbuyo mwaulemu kupatsa inzake mpata, ndipo palibe amene adachita mwano. Faides adayamba kulira poyera, akubwereza kuti iye ankayesa kuti mwana ali m'manja abwino. Linah sadalire. Adalandira kadiresi ndi sopo, natuma wogulitsa kapenta kuti akanene ku ofesi kuti wapita kumudzi.

Adapeza kagalimoto konyamula ziguduli zomangira fodya kakunyamuka, nakhala kumbuyo pamwamba pa ziguduli. Njira yonse maganizo ankamubweretsera zoipa zokhazokha. Mwina wina adamutenga kuti akamulerere khanda ku mafamu. Mwina adadwala. Mwina adanyamuka yekha kutsata msewu. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti pa masabata onsewa iye adagona tulo tabwino, ndipo akadapanda kukanidwa ndi makina akadapitiriza kugona.

Dzuwa lidali litapendeka pamene adatsika pamphambano pamene kanjira ka kumudzi kamachokera mumsewu. Pamenepo pali mtengo wa mango umene anthu amadikirirapo galimoto. Pansi pake padakhala kamtsikana, miyendo itatambasulidwa, kamtolo komangidwa m'chitenje kali pamiyendo. Chitenjecho Linah adachizindikira asanazindikire mwanayo. Chidali cha Jenala.

Taizya adaimirira, nagwada monga adaphunzitsidwira.

"Monile, amama."

Khungu lake lidali litatuwa ndi mphepo, mapazi atang'ambika, tsitsi losapesa. Sadali wodwala, ndipo sadali wowonda kwambiri. Adangooneka ngati chinthu chimene chasiyidwa panja. Linah adanjuta namufunsa chimene ankachita pamsewu yekhayekha.

"Asekulu anati eni anga azabwela kuzanitenga. Nikakhala kumudzi, motoka izanisiya."

Linah adafunsa ngati amabwera pamenepo masiku onse. Mwanayo adagwedeza mutu kuvomera. Adati amabwera akasesa, ndipo amabwerera ng'ombe zikamalowa. Galimoto iliyonse ikaima amaimirira kuti amuone. Adafotokoza zimenezi mopanda dandaulo, ngati ntchito imene adapatsidwa ndipo akuigwira bwino. Apa mpamene misozi ya Linah idatsika, ndipo mwanayo adamuyang'ana modabwa, osadziwa kuti walakwa chiyani. Linah adafuna kumunyamulira kamtolo, koma Taizya adakakumbatira pachifuwa, ndiye adayenda choncho mpaka kumudzi.

A Amock, agogo amene Taizya adawatcha asekulu, adawapeza pakhonde akusenda mtedza wambewu. Adakondwera kuona Linah, ndipo asanafunsidwe n'komwe adayamba kudandaula za anthu a ku Kasungu, kuti akuchedwa bwanji. Adati pa tsiku logawa katundu iwo adadikira kuti alendowo apemphe mwana wawo monga kuyenera, koma sadapemphe. Adaganiza kuti apita kukakonza malo ndipo atuma munthu mwaulemu. Kumutumiza mwana asanapemphedwe kukadaoneka ngati kumupirikitsa. Kumulowetsa m'nyumba ya wina kukadakhala kulanda mwana wa munthu amene adalowola. Ndiye adamuuza kuti amange katundu wake akhale wokonzeka. Kusukulu sadamutumize, poti adali wapaulendo. Palibe adamuthamangitsa, adatero motsindika. Amadya paliponse pamene amuitana, ndipo amagona kukhitchini kwa Loyce, mpongozi wawo, kumene kumafunda.

"Ni mwana waulemu," adaonjeza. "Sapempha kanthu. Ukapanda kumuitana, angokhala."

Linah adawauza zimene adamva kwa Faides. Adalankhula pang'onopang'ono, mawu ake ali pansi, chifukwa sadabwere kudzaweruza munthu pamene iye mwini adathawa osafunsa. A Amock adasiya kusenda. Adavula chipewa nachiika pabondo, nakhala nthawi yaitali akuyang'ana Taizya, amene adali atakhala chapatali pa mtondo wogubuduzika, kamtolo kali pamiyendo.

"Ndiye kuti kulibe amene azabwela," adatero.

"Kulibe, adada."

Mkuluyo adapukuta kumaso ndi chikhatho. Adali wachisoni ndithu, ndipo Linah adamumvera chifundo. Kenaka adayamba kuyendera nyumba za pamudzi m'maganizo mwake mokweza. Kwa iye mwini, mkazi wake adali chigonere. Kwa Loyce ana adali ogona mopingasa. Kwa uje mwamuna ngwa mowa. Nyumba iliyonse idali ndi chifukwa chake, ndipo zifukwazo zidali zoona. Linah ankamvetsera uku akuona kachipinda kake ka bedi limodzi, ndi Lusaka amene adamulota chaka chonse, misewu ya magetsi ndi ofesi ya makompyuta ambiri. Sadachite ngati sizikumuwawa. Zidamuwawa kwambiri, ndipo adadikira kufikira mkuluyo atatha nyumba zonse, mwina pena patseguka. Sipadatseguke.

"Nizapita naye ine," adatero.

A Amock adamufunsa ngati akudziwa chimene akunena, poti mwana si bulangete loti ukatopa nalo ubweze. Linah adati akudziwa. Adagwirizana kuti uthenga upite ku Kasungu kudzera mwa Faides, kuti mbali zonse ziwiri zimve ndi makutu kumene mwana ali, pasakhalenso woyesa kuti mnzake ndiye akudziwa. Loyce adatenthetsa madzi, namusambitsa mwanayo ndi sopo uja, namuveka kadiresi kachikasu. Adamuuza kuti mawa apita ku boma ndi amama ake aang'ono, a Linah. Taizya adavomera monga ankavomerera chilichonse.

M'mawa mwake adakwera minibasi. Taizya adakhala pawindo, kamtolo pamiyendo, akuwerenga zikwangwani za m'njira ndi milomo yokha. Atafika pa boma Linah adayamba wapita naye kuchipinda kwake, namuonetsa pogona, namuuza kuti asiye katundu wake pabedi. Mwanayo adakana mwaulemu. Adafunsa ngati galimoto za ku Kasungu zimanyamukira pafupi. Linah adazindikira kuti kwa Taizya boma lidali pongodikirira pena, mtengo wina wa mango. Adayesa kumufotokozera, koma mwana amene wauzidwa chinthu chimodzi ndi akuluakulu kwa masabata sasintha chifukwa cha mawu a m'mawa umodzi. Adangoti inde, kamtolo kali m'manja, ndipo adapita nako ku ofesi.

A Zimba adamvetsera nkhani yonse ataimirira pakhomo. Itatha adalowa m'chipinda chosungira katundu nabwerako ndi bulangete limodzi, nalifunditsa mwanayo pamapewa. Kenaka adafunsa Luckson kuti mwa Kondakitala muli ana angati opachikidwa pa anthu amene kulibe. Luckson adati sangadziwe asanafukule m'kati dzina ndi dzina, ndipo vuto lake ndi lomwelo, kuti palibe chimene chingakuuze. A Zimba adafunsanso ngati Apongozi angafulumizidweko pang'ono. Luckson adati pang'ono pokha. Mkuluyo adakanda m'mutu, nayang'ana Linah monga adalonjezera, ndipo Linah adangoloza kompyuta ndi chibwano nati Apongozi. A Zimba adapita ku foni kukauza a ku Lusaka kuti tsamba lichedwa, ndipo likadzafika lizidzatseguka mochedwerapo. Mawu a ku Lusaka ankamveka mpaka pa desiki, ndipo sadali okondwa.

Linah adavundukula chitenje chotchinga fumbi pa kompyuta. Kuti Taizya asamukire kwa iye, adayenera kuyamba walembetsa yekha ngati wolera. Apongozi adamufunsa zonse: dzina, kumene akukhala, ubale wake ndi mwana. Adayankha limodzilimodzi osang'ung'udza. Kenaka adasamutsa Taizya, ndipo makina adavomera. Dzina la Jenala tsopano likadatheka kuchotsedwa, koma osati mwana akuona.

Taizya adali atasendera pafupi, bulangete likukwekwereka pansi. Adali asanaonepo kompyuta. Luckson adatsegula tsamba loyesera lotunga kwa Apongozi kuti aone ngati zatheka, ndipo mwanayo adatambasula chala nachiika pagalasi, akutsata zilembo monga amachitira pa bolodi kusukulu. Adawerenga dzina la pamwamba, kenaka la pansi pake, ndipo adabwerezanso la pansilo.

"Ili ni langa," adatero. "Lili pansi pa lanu chifukwa chiyani?"

Linah adati la pamwamba ndi la munthu wosunga mwana, la pansi ndi la mwana wake. Adati anthu a ku Lusaka ndi a maiko akutali akatsegula tsambalo aziona chomwecho, ndipo a ku Magodi ndi a ku Kasungu auzidwanso chomwecho.

"Nanga eni anga?"

"Ndine."

Taizya sadamwetulire. Adayang'ana Linah nthawi yaitali, kenaka galasi, kenaka Linah. Luckson adayamba kukonza tayi wake amene adali wokonzeka kale. Mwanayo adayang'ana uku ndi uku m'chipindamo, nawerama, nakankhira kamtolo kake pansi pa desiki, pafupi ndi chikwama cha Linah. Adaweramuka akusisita mkono umene udauma ndi kunyamula.

"Amama," adatero, "nili na njala."